Funso la mwana wanga linandituma kukabwereka mabuku kwa aneba

Ndimagwira ntchito pa kauntala ya sitolo ina yogulitsa malata, simenti ndi misomali ku Limbe. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka, nkhope ya John Chilembwe imadutsa m'manja mwangamu kosawerengeka, pa K500 ndi pa K2000, ina yonyezimira, ina yothimbirira ndi mafuta a chiwaya. Mukanandifunsa zaka zitatu zapitazo ngati munthuyu ndimamudziwa, ndikanakusekani. Kwathu ndi ku Chiradzulu. Ku Mbombwe, kumene kunali mishoni ya Chilembwe, ndinafikako ndili kamnyamata. Za kuukira atsamunda kwa mu 1915 ndinaloweza kusukulu mpaka kukhoza nazo mayeso. Ndinkadziona ngati mwini nkhani.

Amene anandiyalutsa ndi mwana wanga wamkazi, nthawiyo ali Fomu 2. Linali tsiku lamadzulo magetsi atazima, tikudya nsima poyatsa kandulo kwathu ku Bangwe.

"Adadi, kodi ndi zoona kuti a Chilembwe analalikira m'tchalitchi mutu wa munthu uli pomwepo?"

Ndinasiya mbamu ili m'manja. Zoti mzungu wa ku Magomero anamudula mutu ndinkazidziwa, koma za m'tchalitchizo ndinali ndisanamvepo. M'malo monena kuti sindikudziwa, ndinakweza mawu.

"Wakuuza ndani zimenezo? Amenewo ndi mabodza a azungu. Idya nsima."

"Ndawerenga m'buku la kulaibulale yakusukulu. Ndiye ngati zili zoona, anali munthu wabwino kapena woipa?"

Ndinamuuza kuti ana amasiku ano mulibe ulemu. Mayi ake anangondiyang'ana, osanena kanthu, ndipo amene muli pabanja mukudziwa kuti kuyang'ana kotero kumapweteka kuposa mawu. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Chinkandiwawa si funsolo ayi. Chinkandiwawa n'chakuti ndinatchula mawu akuti mabodza ndilibe umboni ngakhale wa kakhobidi, ndipo mwana anaona.

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala bambo ena achikulire amene anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma. Tonse timangowatchula kuti Aphunzitsi. Loweruka masana ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo, ndipo nditawalonjera ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo.

"Aneba, mwana sanakunamizeni," anatero. "Koma ine sindikuuzani zambiri. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Dikirani."

Analowa m'nyumba, ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi kabuku kopyapyala konunkha mankhwala a njenjete. Anati ndikakawerenga ndibwere ndidzawayankhe mafunso atatu okha: wolembayu anali ndani, pamene zinkachitika anali kuti, ndipo zimene walembazo anamva kwa yani.

Kabukuko kanali Strike a Blow and Die, ka George Simeon Mwase, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anali kalaliki nthawi ya atsamunda. Ndinkawerenga m'minibasi popita kuntchito ndiponso pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa matumba a simenti. Chizungu chake n'cha makalaliki akale, chokhotakhota, koma chamoto. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti Chilembwe ankadziwa bwino lomwe kuti boma la Angelezi sangaligonjetse, ndipo chimene ankafuna n'kumenya kamodzi, kufa, kuti azungu aone kuti munthu wakuda watopa. Ndinawerenga masiku asanu, ndipo ndinaledzera nako.

Ndikuti kuledzera chifukwa sindikupeza mawu ena. Buku limodzi lili ngati kachasu wa m'mawa m'mimba mulibe kanthu. Pa bawo ndinasanduka mlaliki. Pa gulu la WhatsApp la abale ndinkalemba ndime zitalizitali mpaka asuweni anga ena anatulukamo. Aliyense wonena zosiyana ndi zanga ndinkamufunsa kuti, "Inu mwawerengapo chiyani?" Chonsecho ine ndinali nditawerenga kabuku kamodzi. Amene mukuyamba kumene kuwerenga, chenjerani ndi nthawi imeneyi. Munthu amene sanawerengepo kanthu amatha kumvetsera, koma amene wawerenga buku limodzi makutu ake amatsekeka.

Nditabweza kabukuko, Aphunzitsi anandikhazika pampando n'kuyamba mafunso awo aja. Ndinayankha monyadira: Mwase analemba mu 1932 ali m'ndende ya ku Zomba, kumene anali pa mlandu wa ndalama, ndipo zambiri anamva kwa mkaidi mnzake, Wallace Kampingo, amene anali nawo pa kuukirako. Zolembazo zinadzasindikizidwa mu 1967.

"Ndiye ku Mbombwe usiku umenewo analiko?"

"Ayi."

"Kuchoka 1915 kufika 1932 ndi zaka zingati?"

"17."

"Inu mukukumbukira mawu enieni amene abusa analalikira pa ukwati wanu? Ndipo munthu ali m'ndende ya boma lomwelo, cholembera chake chimayenda momasuka bwanji?"

Ndinafunsa ngati akutanthauza kuti Mwase ndi wabodza. Anati ayi, Mwase ndi mboni yofunika kwambiri, chifukwa ndi Mmalawi amene analemba anthu oona ndi maso akadali moyo. Koma pabwalo la amfumu mboni imodzi sigamulitsa mlandu, ngakhale ikhale yolankhula mokoma chotani. Atatero anandipatsa chibuku chonenepa ngati njerwa, Independent African, cha George Shepperson ndi Thomas Price, cha mu 1958.

Chimenechi chinanditengera miyezi itatu, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kuchibweza chisanathe. Koma m'menemo ndi mmene ndinakumana ndi munthu amene sindinkamudziwa. Kusukulu anatipatsa Chilembwe wa usiku umodzi, wa mikondo ndi mfuti. M'bukumo ndinapeza mnyamata wogwira ntchito m'nyumba ya mmishonale Joseph Booth, amene anapita naye ku America mu 1897, n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission, ndipo kwa zaka zoposa 10 ntchito yake inali kutsegula masukulu, kumanga tchalitchi cha njerwa, kulimbikitsa ukhondo ndi khama pantchito, kuletsa mowa. Akazi awo a Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Anali munthu wa suti ndi tayi, wofuna kuonetsa kuti munthu wakuda atha kuchita chilichonse chimene mzungu amachita. Funso langa linasintha. Ndinasiya kufunsa ngati anali wolimba mtima, ndinayamba kufunsa chimene chinamufikitsa munthu wofatsa chotere pogwira nthungo.

Mayankho analipo, ndipo sanali amodzi. Panali njala ya m'ma 1912 ndi 1913. Panali msonkho wa nyumba. Panali matchalitchi ake a udzu amene ankatenthedwa pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Panali nkhondo ya azungu okhaokha imene inafika ku Karonga mu Sepitembala 1914, asilikali akuda n'kufera mkangano umene sanauyambe, ndipo mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zimenezi, boma n'kuitsekereza. Panalinso nkhani ya chipewa, yomwe poyamba ndinaiona ngati yaing'ono: munthu wakuda, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi mbusa, akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, mzunguyo osabweza ulemu. Ine amene ndimaima pa kauntala tsiku lonse, makasitomala ena akundiitana ndi likhweru, ndinamvetsa kuti zazing'ono zotere ndi zimene zimadya munthu m'kati. Pakati pa amene boma linawapha kuukirako kutatha panali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission yemwenso anaphunzira zachipatala, ndi Duncan Njilima, munthu wa bizinesi. Amenewa sanali anthu ogona ndi njala.

Ndipo za mwana wanga zija ndinazipeza. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, amene anthu ankamutcha Listonia, n'kumudula mutu. Azungu ena awiri anaphedwanso. Lamulungu m'mawa mapemphero anachitika ku Mbombwe mutuwo ulipo. Pa 26 Januwale anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi, wansembe n'kuvulazidwa. M'masamba omwewo munalinso zakuti Chilembwe analamula kuti akazi ndi ana a azungu asakhudzidwe, ndipo anabwezedwadi amoyo. Munalinso zimene boma linachita pobwezera: anthu pafupifupi 40 anaphedwa atazengedwa milandu yachangu, ena pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende, enanso anawomberedwa m'tchire popanda mlandu uliwonse, ndipo tchalitchi cha njerwa chija anachiphulitsa. Chilembwe mwini anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo amene anamuwombera anali anthu akuda anzake ogwira ntchito ya boma.

Madzulo a tsiku limene ndinafika pa masamba amenewa, ndinamuitana mwana uja. Ndinamuonetsa ndimeyo ndi chala.

"Mwanawe, unanena zoona. Ine ndi amene ndinalakwa."

Kwa bambo wachimalawi mawu amenewa ndi olemera ngati thumba la simenti la makilogalamu 50, koma nditawatula ndinapepukidwa. Iye anangoti, "Zikomo adadi," n'kupita kukatsuka mbale, ngati palibe chachitika.

Buku lachitatu ndi limene linalowa m'nyumba mwathu mwenimweni. Linali Magomero, la Landeg White, la mu 1987. Iyeyu sanayambire pa Chilembwe. Anatenga mudzi umodzi n'kuutsata zaka zoposa 100, kuyambira nthawi ya amishonale oyamba a Bishopu Mackenzie mu 1861, ndipo anamvetsera anthu wamba, makamaka amayi ndi nyimbo zawo za pamtondo. M'menemo Chilembwe akuoneka ngati mmene amamuonera munthu amene ali m'munda wa thonje khasu lili m'manja.

Ife ndife Alomwe. Makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, ndipo popeza analibe malo awoawo anakhazikika pa maesiteti a azungu. Kumeneko ndiko anakumana ndi thangata. Taganizirani mawuwo. Kuthangata n'kuthandiza, monga timathangatirana pomanga nkhokwe kapena pamaliro. Atsamunda anatenga mawu okoma chonchi n'kuwamata pa ntchito yokakamiza: mwezi umodzi wolipirira malo, mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa kapitawo sunali mwezi wa kumwamba. Ukapanda kumaliza ndime yako, tsikulo silinkalembedwa, ndipo miyezi iwiri inkakoka mpaka kudya nyengo yonse ya dzinja, munda wako uli thengo. Esiteti ya Bruce inali ya maekala oposa 160,000, ndipo mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone yemwe timamutamanda uja, sankafuna sukulu pamalo ake. Listonia anali wankhanza, zimenezo bukulo silibisa, koma pamwamba pake panali bwana amene ankafuna phindu ku munda wosapindula. Sindinamumvere chisoni. Ndinangomvetsa chifukwa chake mutu wake utadulidwa thangata sanafe nawo. Anapitirira mpaka 1962.

Ndili pakati pa bukuli ndinakumbukira agogo anga aakazi, mayi a mayi anga. Tsiku la 15 Januwale likafika, wailesi ikutamanda Chilembwe, iwo sankaombera nawo m'manja. Ankangoti, "Nkhondo ya Chilembwe ija amayi anga anagona m'tchire mwana ali kumbuyo, nyumba zitapsa." Ine ndi Fomu 4 yanga ndinkati agogo ndi osaphunzira, sadziwa mbiri ya dziko. Sindinawafunsepo kuti anatentha nyumbazo ndani, anathawira kuti, anabwerera liti. Tsopano ndinali kuwerenga, m'Chizungu, ndi dikishonale pambali, momwe asilikali ndi azungu odzipereka anasakazira midzi pobwezera, Alomwe n'kukhala oyamba kuganiziridwa. Ndinavutika ndi buku la mzungu kuti ndimve zimene agogo ankandiuza ulere titakhala pamkeka. Anamwalira kale. Usiku umenewo ndinatseka buku, ndinatuluka panja, ndinakhala pa njerwa nthawi yaitali.

Agogo sankadana ndi Chilembwe. Ankangonena zimene anaona amayi awo, ndipo amayi awo anaima pamalo ena, osati pamene anaima Mwase, kapena Shepperson, kapena amene analemba manotsi athu akusukulu. Onsewa ankayang'ana phiri limodzi la Chiradzulu, koma wa ku Njuli ndi wa ku Namitambo salijambula mofanana. Ulemu wanga kwa Chilembwe sunachepe. Ndinganene kuti unakula, chifukwa tsopano ndimalemekeza munthu wa magazi ndi mnofu, amene anapirira zaka zambiri, anatopa, anasankha njira yoopsa, ndipo anthu ena osalakwa analipira nawo. Kale ndinkalemekeza chithunzi cha pa ndalama.

Mafunso atatu a Aphunzitsi aja anandilowa m'magazi, ndipo amagwira ntchito kutali ndi mabuku a mbiri yakale. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, ine ndinali m'gulu la otumiza mauthenga aja pafoni. Ndinkangoti ukafika, ndaukankhira kwa ena, ndikumati ndikuchenjeza abale. Ndikakumbukira ndimachita manyazi. Lero uthenga wa mawu ukafika wonena kuti wakutiwakuti waba, kapena mankhwala akutiakuti akupha anthu, chala changa chimayamba chaima. Akulankhulayu ndani? Anali pomwepo? Wamva kwa yani? Mauthenga ambiri amagwa pa funso lachiwiri. Pa nkhani za ndale ndimayesetsa kuwerenga nyuzipepala ziwiri, ndiponso kumvetsera munthu wa chipani chimene sindichikonda mpaka amalize. Sindikunama kuti ndasanduka mngelo. Pa nkhani ya Bullets ndi Wanderers mafunso atatuwa sagwira ntchito, ndipo sindikufuna kuti agwire.

Anzanga ena amati mabuku ndi odula, ndipo ndi zoona, buku latsopano limatha kudya ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu. Koma ine pa mabuku atatu aja sindinalipire kanthu. M'makwalala mwathumu muli aphunzitsi opuma, abusa ndi makalaliki akale amene ali ndi makatoni a mabuku akudyedwa ndi chiswe, ndipo ambiri amasangalala munthu akawagogodera. Chachikulu n'kubweza, ndiponso kubweza lili bwino. Ine ndimalikutira ndi pepala la khaki la thumba la simenti ndisanayambe kuwerenga. A National Library Service ali ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi yodzaza ndi mabuku a mbiri ya dziko lino, ndipo ukakhala m'menemo umakumbukira kuti ku Mandala komweko ndi kumene anthu a Chilembwe anapita usiku uja kukafuna mfuti. Mavenda a mabuku akale m'mbali mwa misewu nawonso osawadutsa. Pakati pa mabuku a sukulu ong'ambika pamabisala zinthu zabwino, ndipo mtengo mumakambirana.

Nthawi ndiye musanene kuti mulibe. Ine ndinaipeza m'minibasi, podikira kuti idzaze, ndi pa mzere wa kubanki. Masamba 10 patsiku amakwana. Foni ndimaiika m'thumba la jekete, chifukwa ikakhala pafupi imapambana ndi iyo. Chizungu chikavuta musamaime pa liwu lililonse, mudzatopa tsamba lisanathe. Ndimalemba mawu ovutawo m'kakope n'kuwafufuza madzulo, ndipo nthawi zambiri ndikafika kumapeto kwa ndime tanthauzo limakhala laonekera lokha. M'kakope momwemo ndimalembanso pamene mabuku awiri akutsutsana, chifukwa pamenepo ndi pamene pali nyama. Ndipo mukamaliza buku limene lakukomerani kwambiri, limene mukugwirizana nalo tsamba lililonse, funani dala lina la munthu wochokera kwina, wa mtundu wina, wa mpingo wina, kapena wamkazi ngati oyambawo anali amuna okhaokha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mabuku onse atatuwa ali m'Chizungu. Mayi a kunyumba kwathu sukulu anailekera Sitandade 7, koma ndi anthu oganiza mozama kundiposa. Ndinayamba kumawafotokozera madzulo zimene ndawerenga tsikulo, ndipo mafunso awo ankandibweza ku bukulo kawirikawiri. Tsiku lina nditawauza za thangata anati, "Nanga ganyu amene timalima kwa eni minda ikuluikulu mu Januwale, munda wathu uli thengo, amasiyana pati?" Tinakangana mpaka kandulo inatha. Ine ndinkati ganyu sakukakamiza munthu ndi chikoti, iwo ankati njala nayo ndi chikoti. Mpaka lero sitinagwirizane.

Mwana uja tsopano ali Fomu 4. Pa holide yapitayi anapita yekha kwa Aphunzitsi kukabwereka chibuku chonenepa chija, ndipo anachimaliza m'masabata asanu, zimene zinandichititsa kansanje pang'ono. Pokabweza ndinamuperekeza. Aphunzitsi anamukhazika pampando womwe uja, anamufunsa mafunso omwe aja, iye n'kuyankha onse osadodoma. Kenako anati, "Agogo, inenso ndili ndi funso. Amuna onsewa alankhula, azungu ndi akuda omwe. Nanga a Ida, amene anatsala ndi ana tchalitchi chitaphulitsidwa, anawafunsa ndani?"

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Anandiyang'ana ine, anamuyang'ana mwanayo. Kenako anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kulowa m'nyumba, ndipo tinamva sutikesi ija ikukokedwa pansi pa bedi.